Tebulo lolendewera la ku Dedza: kuyeza ngati likutchingadi kunjenjemera kwa nthaka

Pomwe ntchito yafika

Tikupanga tebulo lotchinga kunjenjemera kwa nthaka, motsanzira gawo lina la makina a LIGO. Tebulo lapachikidwa, koyilo ikukankha, ndipo lupu, njira yomwe masensa amayeza kuyenda kwa tebulo kenako koyilo n'kulibweza, ikutseka ndipo ikugona usiku wonse osathawa. Zomanga zatha. Chomwe chikutidyera nthawi tsopano ndi kudziwa kuti tebuloli likuchepetsa kunjenjemera kwa nthaka kangati, pa frikwensi iti, komanso nambala ziti mwa zomwe kompyuta ikulemba zoyenera kuzikhulupirira.

Kwa inu amene mwangoyamba kutsatira: makina a LIGO ali pawiri ku America, ku Hanford m'boma la Washington ndi ku Livingston m'boma la Louisiana. Paliponse pali mikono iwiri ya makilomita 4, ndipo laser imayeza mtunda wa pakati pa magalasi olemera makilogalamu 40. Ndi makinawa omwe pa 14 Sepitembala 2015 anagwira koyamba mafunde a mphamvu yokoka, ochokera ku ma black hole awiri omwe anaphatikana. Pa 10 Hz, kugwedezeka ka 10 pa sekondi, nthaka imasuntha pafupifupi 10^-9 m/√Hz (muyeso wa kukula kwa kunjenjemera pa frikwensi iliyonse), pomwe galasi likufunika bata la 10^-19 m/√Hz. Kusiyana kwake ndi ka 10 biliyoni, ndipo ntchitoyi anaigawa pamagawo. Kunja kwa thanki lopanda mpweya kuli HEPI, yokankha ndi madzimadzi opopedwa. M'kati muli tebulo la ISI, lokhala ndi masensa ndi makoyilo, lomwe limasenza pafupifupi ka 1,000. Pansi pake pali mapendulamu anayi otsatizana, yomaliza yolendewera pa ulusi wa galasi wa 0.4 mm, ndipo awa amasenza ka 10 miliyoni kotsalako. Virgo, pafupi ndi Pisa, anadalira mndandanda wautali wa mapendulamu; KAGRA ku Japan anakumba n'kulowa pansi pa phiri ku Kamioka.

Ife tikutsanzira gawo lapakatilo, ISI, m'mbali imodzi yokha, kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. Tebulo ndi la aluminiyamu, ndipo pamodzi ndi zitsulo zolemetsa likukwana makilogalamu 12. Lapachikidwa pa mawaya anayi achitsulo a 0.5 mm, otalika masentimita 40, pa felemu ya angle iron yomangidwa ndi mabawuti pa konkire. Pendulamu ya utali umenewu imazendewera payokha pa 0.79 Hz. Masensa a liwiro ndi ma geophone, tizipangizo ta koyilo ndi maginito tomva kugwedezeka, atatu ogona a 4.5 Hz, 28.8 V pa m/s, koyilo ya 375 Ω: imodzi ya m'lupu, imodzi ya mboni, yosalowa m'lupu, pa tebulo pomwepo, imodzi pansi pa konkire. Malo a tebulo poyerekeza ndi felemu tikuwayeza ndi sensa ya mthunzi, LED ndi photodiode zokhala ndi kachitsulo kopyapyala pakati, monga mmene sensa ya ku LIGO yotchedwa OSEM imagwirira ntchito. Chokankha ndi koyilo ndi maginito, pafupifupi 1 N pa ampeya imodzi. ADC, chosandutsa uthenga wa masensa kukhala manambala a kompyuta, ndi ya mabiti 24, lupu ikuzungulira ka 1,000 pa sekondi, ndipo zonse zikudya batire la 12 V.

Juni: masensa atatu pamodzi

Tisanakhulupirire chilichonse cha pa tebulo, ma geophone onse atatu tinawatsitsa n'kuwaika pa thayilo limodzi pansi, moyandikana, moloza mbali imodzi. Thayilo likhale pa timiyendo titatu, osati tinayi, chifukwa kachinayi kamagwedera. Pamwamba tinavundikira bokosi lomata thonje m'kati kuti mphepo ya m'chipinda isawaombe. Ganizo lake ndi losavuta: onse atatu akumva nthaka imodzi, choncho chomwe akugwirizana ndi nthaka, ndipo chomwe aliyense akunena yekha ndi phokoso lake.

Powerengera tikugwiritsa ntchito njira ya Welch mu Python, yopezera spectrum, kapena kuti kukula kwa kunjenjemera pa frikwensi iliyonse: zidutswa za masekondi 100, zomwe zikutipatsa mizere yotalikirana 0.01 Hz, zenera la Hann, zidutswa zolowana theka. Ola limodzi likutulutsa zidutswa 71. Nambalayi muziisunga, chifukwa masensa awiri osagwirizana n'komwe amaonetsabe coherence, muyeso wa kugwirizana kwawo kuyambira 0 mpaka 1, ya pafupifupi 1 kugawa 71, kapena kuti 0.014. Wina akadula deta n'kutsala ndi zidutswa zisanu aona coherence ya 0.2 n'kuyamba kufunafuna chifukwa chake pomwe palibe kanthu.

Zotsatira: kuyambira 1 Hz mpaka 30 Hz coherence ili pamwamba pa 0.95. Pansi pa 1 Hz ikutsika, ndipo pofika 0.3 Hz yadutsa kale pansi pa 0.5. Masamu akuvomereza. Pansi pa 4.5 Hz geophone imagontha msanga: pa 0.45 Hz imatulutsa gawo limodzi mwa 100 la mphamvu yake, pa 0.15 Hz gawo limodzi mwa 900. Kompyuta imabwezera kugonthaku pochulukitsa, koma imachulukitsa phokoso limodzi ndi uthenga. Koyilo ya 375 Ω ili ndi phokoso lake la kutentha, 2.5 nV/√Hz, lomwe palibe angalichotse. Tikalisandutsa mamita likukhala 3×10^-10 m/√Hz pa 1 Hz, koma pa 0.15 Hz lafika kale 8×10^-8. Apatu sitinaonjezerepo phokoso la amplifaya, lomwe nalonso limakwera frikwensi ikamatsika. Kunjenjemera kochokera ku mafunde a nyanja ya mchere, komwe kumamveka dziko lonse pakati pa 0.1 ndi 0.3 Hz, ife tikukuona mwa apo ndi apo basi. Ku LIGO gawo limeneli amaliyeza ndi ma seismometer, makina oyezera kugwedezeka kwa nthaka, a Trillium T240 ndi STS-2, zomwe zimamva mpaka mafunde a masekondi 240 ndi 120; ma GS-13 ndi L-4C awo a 1 Hz amawasiyira za pamwamba.

Mayeso omwewa aonetsa kuti masensa si ofanana ndendende. Imodzi ikuwerenga mokwera ndi 4 peresenti, ndipo frikwensi yake yachibadwa ili pafupi ndi 4.7 Hz m'malo mwa 4.5. Izi zili m'malire omwe opanga amalola, koma aliyense tampangira fyuluta yakeyake yobwezera. Yabwino koposa taipatsa ntchito ya umboni.

China ndi kuzizira. Dedza ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, ndipo usiku wa Juni simukusowa kuuzidwa. Waya wa kopa amasintha resistance ndi 0.39 peresenti pa digiri iliyonse, ndiye chipinda chikazizira ndi madigiri 10 koyilo yasintha ndi 4 peresenti, ndipo damping ya geophone, mphamvu yoziziritsa kuzendewera kwake, yomwe imadalira koyiloyo pamodzi ndi resistor ya shunt, yasunthanso. Mayeso a m'bandakucha ndi a masana musawasakanize m'gulu limodzi. Taika sensa ya kutentha m'bokosi ndipo fayilo iliyonse ikulembedwa ndi madigiri ake.

Julayi: nambala ziwiri, yoona imodzi

Lupu itatsekedwa, pa 3 Hz kompyuta inapereka mayankho awiri otalikirana. Error signal, uthenga womwe lupu ikulimbana kuti ukhale ziro, inati kunjenjemera kwachepa ka 100. Geophone ya mboni inati ka 23. Yolondola ndi ya mboni.

Chifukwa chake chili m'kamangidwe ka lupu. Uthenga womwe lupu imaona ndi wosakaniza: wa sensa ya mthunzi wodutsa pa fyuluta L yolola za pansi, ndi wa geophone wodutsa pa fyuluta H yolola za pamwamba, ndipo L + H = 1; kusakaniza kumeneku kumatchedwa blend. Sensa ya mthunzi imayeza tebulo kuchotsera nthaka. Geophone imayeza tebulo kuphatikiza phokoso lake. Gain, mphamvu yomwe lupu imakankhira, ikakula, lupu imafafaniza zosakanizazo, ndipo tebulo lenilenilo limatsala likuyenda motere: L kuchulukitsa nthaka, kuchotsera H kuchulukitsa phokoso la geophone. Zigawo ziwirizi sizioneka mu error signal ngakhale pang'ono. Mukakweza gain kawiri, error signal itsika kawiri, tebulo lili pomwe linali.

Geophone ya m'lupu, mukaiwerenga payokha, imanena zoona pa za nthaka yodutsa mu L, koma imabisa phokoso lake. Pamwamba pa blend, pomwe H ili pafupi ndi 1, lupu imagwedeza tebulo motsutsana ndi phokosolo kuti sensa ioneke chete. Usiku wa bata, nthaka ikatsika, mzere wa sensayi umalowa pansi pa phokoso lomwe tinayeza mu Juni, chinthu chomwe sichingatheke kwa sensa yoona. Kuifunsa za tebulo kuli ngati kumuuza wozengedwa mlandu pabwalo la mfumu kuti adzichitire yekha umboni. Mboni nayo ili ndi phokoso lake, koma cholakwa chake chimapita kumbali yosavulaza: imaonjezera, sichepetsa. Tebulo likafika pa malire a phokoso, mboni imawerenga pafupifupi ka 1.4 kuposa kuyenda kwenikweni, chifukwa maphokoso awiri osadalirana aphatikana.

Kuyambira pano lamulo la zolembazi ndi ili: nambala iliyonse ya kutchinga ichokere pa mboni kugawa sensa ya pansi, ndipo pa chithunzi chilichonse pajambulidwenso mzere wa phokoso la sensa. Tikupereka mitundu iwiri. Transfer function, kuyenda kwa tebulo poyerekeza ndi kwa nthaka pa frikwensi iliyonse, yochokera ku cross spectrum ya masensa awiriwo, imangowerengera gawo logwirizana ndi nthaka, ndipo timaikhulupirira pomwe coherence yaposa 0.8. Kugawa ma spectrum awiri mwachindunji kumawerengera zonse, ndi zomwe lupu yadzipangira yokha. Mizere iwiriyi ikasiyana, kusiyanako ndi phokoso lomwe tathira tokha.

Pa transfer function, masana ndi abwino kuposa usiku. Mathiraki a pa M1 amagwedeza nthaka mokwanira pakati pa 2 ndi 15 Hz, ndipo coherence imakwera yokha popanda ife kuika chogwedezera.

Fyuluta ya blend

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Blend yoyamba inali yosavuta, ya mlingo umodzi pa 1 Hz. Inapha chiphiri cha pendulamu pa 0.79 Hz bwinobwino, koma pa 5 Hz mboni inawerenga kuchepa kwa ka 6 okha. Tebulo lomwelo, lupu itazimitsidwa, limachepetsa ka 39 pa 5 Hz popanda thandizo la wina. Kunena kwina, magetsi anali kuononga zomwe mawaya anayi anali atakonza kale. L ya mlingo umodzi imatsika pang'onopang'ono: pa 5 Hz ikadali 1 kugawa 5, ndipo kudzera mwa iyo lupu inali kumangirira tebulo ku felemu. Error signal sinaonetse kalikonse kolakwika.

Blend yachiwiri ndi ya mlingo wachisanu. Titatambasula (s + w)^5, pomwe s akuimira frikwensi ndipo w akuika malo a blend, zigawo zitatu zopanda s yambiri zapita ku L, zitatu zotsalazo ku H, ndipo w taiika pa 0.5 Hz. Motere L + H = 1 popanda chotsalira. Pamwamba L imatsika ngati 1/f³. Pansi H imatsika ngati f³, zomwe n'zofunika, chifukwa kusandutsa uthenga wa geophone kukhala mamita kumakwera ngati 1/f³, ndipo H yofooka kuposa apa ingalole kutsetsereka kwa amplifaya kukankhira tebulo kukhoma.

Masamu akupereka izi, tebulo poyerekeza ndi nthaka:

0.15 Hz: lupu yozima 1.04, lupu yoyaka 1.2
0.4 Hz: yozima 1.3, yoyaka 1.95
0.79 Hz: yozima chiphiri chachikulu, yoyaka 1.1
1 Hz: yozima 1.7, yoyaka 0.72
2 Hz: yozima 1/5, yoyaka 1/7
3 Hz: yozima 1/13, yoyaka 1/23
5 Hz: yozima 1/39, yoyaka pafupifupi 1/70

Mboni ikugwirizana ndi mndandandawu mosapitirira 20 peresenti kuyambira 0.8 mpaka 8 Hz. Pansi pa 0.5 Hz coherence siikulola kutsimikiza, ndiye mizere iwiri yoyambayo ndi ya papepala.

Onani pa 0.4 Hz. Tebulo likuyenda pafupifupi kawiri kuposa nthaka. Si vuto lokonzeka ndi kusintha nambala imodzi. Fyuluta iliyonse yotsika msanga imatupa isanatsike, ndipo mukaifinya apa imatulukira apo. Ku LIGO nkhondo yake ndi yomweyi, kungoti iwo ali ndi masensa olola kutsitsa blend mpaka pansi pa 0.1 Hz, kuti chotupacho chigwere kunsi kwa phokoso la nyanja. Ndipo sakhala ndi blend imodzi: amasankha malinga ndi nyengo, kaya kuli mphepo kaya nyanja yakalipa. Tinayesa kutsitsa yathu kufika 0.3 Hz. Pa 1 mpaka 3 Hz zinakoma, koma sensa ya mthunzi inayamba kuonetsa tebulo likuyendayenda pang'onopang'ono ndi ma micrometer angapo, phokoso la geophone litalowa pa H. Tabwerera pa 0.5 Hz.

Kunena mosabisa, phindu la lupu yathu pamwamba pa 2 Hz ndi lochepa, silikufika kawiri. Phindu lalikulu ndi kuchotsa chiphiri cha 0.79 Hz popanda kuononga kutsika kwa pamwamba, zomwe damping wamba wa mafuta kapena maginito sangachite.

Kupendekeka

Pali bodza limodzi lomwe mboni ndi sensa ya m'lupu zimanena mogwirizana. Sensa yogona siisiyanitsa kukankhidwa ndi kupendekeka, chifukwa ikapendekeka mphamvu yokoka ya dziko imakoka kachitsulo kake cham'mbali. Kuyenda konamizira ndi g kuchulukitsa kupendekeka kugawa (2πf)². Microradian imodzi ndi kukwera kwa milimita imodzi pa kilomita. Pa 10 Hz imaoneka ngati ma nanometer 2.5, pa 1 Hz ngati 0.25 micrometer, pa 0.1 Hz ngati ma micrometer 25. Ndiye pa frikwensi za pansi kupendekeka kosaoneka ndi maso kumameza kuyenda kwenikweni.

Tinayesa motere: thumba la simenti la makilogalamu 50 kuliika pa konkire mita imodzi kum'mawa kwa felemu, kulichotsa, kenako kuliika mita imodzi kumpoto. Kum'mawa, sensa ya mthunzi inasuntha n'kukhala pamalo atsopano lupu itazima. Kumpoto sinasunthe kwenikweni. Pendulamu ya masentimita 40 imasuntha 0.4 micrometer pa microradian iliyonse, choncho apa tapeza choyezera kupendekeka kwa konkire chaulere. Lupu itayaka, kuika ndi kuchotsa thumba kunakankha tebulo kwa masekondi angapo, masensa onse awiri a pa tebulo akuvomerezana kuti zonse zili bwino. Sensa ya mthunzi yokha ndi yomwe inaulula.

Zotsatira zake pa kachitidwe: poyeza, m'chipinda musakhale munthu, kompyuta iyendetsedwe kuchokera chipinda china, ndipo mphindi 10 zoyamba chitseko chitatsekedwa zitayidwe. Mphepo ya Julayi ikamawomba khoma la kum'mwera, gawo la 0.05 mpaka 0.3 Hz limakwera pa masensa onse atatu nthawi imodzi, ndi coherence yokwera. Musanyengedwe nayo coherence imeneyo, ndi nyumba ikupendeketsa maziko. Ku Hanford, komwe mphepo ndi mdani wamkulu, anaika sensa yapadera ya kupendekeka yotchedwa BRS, yopangidwa ku University of Washington, kuti azichotsera kupendekeka pa uthenga wa seismometer ya pansi.

Chigayo, mawaya ndi malire a gain

Unity gain frequency, pomwe gain ya lupu imatsika kufika pa 1, ili pa 12 Hz, ndi phase margin, mpata wotsala lupu isanayambe kulira, ya madigiri 35. Pamenepo kunjenjemera kumakwera ka 1.7 kuposa lupu itazima. Pa madigiri 45 kukanakhala ka 1.3, pa madigiri 30 ka 1.9. Kuchedwa konse kwa ADC, kompyuta ndi draiva ya koyilo ndi ma millisecond 3, omwe pa 12 Hz akudya madigiri 13.

Chotiletsa kukwera ndi mawaya. Amatamuka ngati sipuling'i, ndipo tebulo limadumpha chokwera ndi chotsika pa 29 Hz. Kudumphaku sikuyenera kuoneka m'mbali yogona, koma kunaoneka, ndipo gain itakwezedwa lupu inayamba kulira pomwepo. Zifukwa zinali ziwiri. Koyilo inali mamilimita 6 pansi pa pakati pa kulemera kwa tebulo, ndiye pokankha inkapendeketsanso. Amisiri owotcherera anatidulira bulaketi ina yokhala ndi mabowo aatali, ndipo tsopano kusiyana sikukupitirira milimita imodzi. Chachiwiri, mawaya sanasenze mofanana. Njira yachidule yoyezera ndi kuliza waya aliyense ndi chala n'kujambula kulira kwake pa foni: akasenza mofanana, 29 N aliyense, onse amalira pa 172 Hz. Wina anali pa 150, wina pa 190. Titalinganiza, chiphiri cha 29 Hz chinatsika kwambiri ndipo notch yopapatiza, fyuluta yochotsa frikwensi imeneyo yokha, yakwanira, pamtengo wa madigiri 8 pa 12 Hz.

Mzere wina wa 24 Hz umabwera m'mawa n'kuchoka madzulo. Ndi chigayo cha pafupi: mota ya 1,450 rpm imazungulira ka 24 pa sekondi. Magetsi akazima mzerewo umazimanso, pamodzi ndi wa 50 Hz, ndipo popeza zathu zili pa batire, maola amenewo ndi omwe akutipatsa deta yoyera koposa. Pa 24 Hz lupu ilibe mphamvu, pendulamu yokha ikuchepetsa ka 900. Choopsa chake n'choti chigayo chili pafupi ndi 29 Hz ndipo chimadzaza amplifaya ya sensa ya pansi pachabe.

Ogasiti: sensor correction ndi RMS

Popeza nthaka ikulowa kudzera pa sensa ya mthunzi, njira yodziwika ndi kuyeza nthakayo ndi sensa ya pansi n'kuichotsera pa uthengawo. Ku LIGO amati sensor correction. Malire ake oyamba ndi kufanana kwa masensa: kusiyana kwa 4 peresenti kukapanda kukonzedwa, kuchotserako sikungapose ka 25. Mayeso a Juni anali a chimenechi.

Uthenga wa sensa ya pansi tinaudutsa pa fyuluta ya mtundu wa H uja, w ili pa 0.2 Hz. Pa 1 Hz tebulo linatsika kuchoka pa 0.72 kufika pafupi ndi 1/19, monga masamu ananenera. Pa chithunzi cha spectrum zinaoneka zokongola kwambiri. Koma chotupa cha fyulutayi chikugwera pa 0.16 Hz, pakatikati pa phokoso la nyanja, ndipo pophatikiza ndi L chikufika ka 2.4. Pamwamba pake, phokoso ndi kupendekeka kwa geophone ya pansi zikulowa mosatchingidwa pa frikwensi yomwe geophoneyo ndi yogontha.

Spectrum yokha siingathetse mkangano wotere, chifukwa maso amakopeka ndi dzenje lakuya n'kunyalanyaza kachitunda ka kumanzere. Chothetsa ndi RMS yosonkhanitsa, muyeso wa kukula kwa kuyenda konse: kuyambira pa frikwensi ya pamwamba, kuphatikiza mphamvu mzere ndi mzere kutsikira pansi, n'kuona pomwe chiwerengero chikudumpha. Kuyenda kwambiri kwa nthaka kuli pansi pa 0.3 Hz, ndiye kuchulukitsa kawiri kumeneko kumaposa kutali phindu la ka 14 pa 1 Hz. Pa sensa ya mthunzi RMS inakwera kupitirira kawiri sensor correction itayaka. Kwa makina ngati LIGO zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa kuwala kumakhazikika m'mikono pokhapokha magalasi akakhala m'malire a mphamvu ya zokankha zawo. Akapitirira, makina amataya loko ndipo kuyibwezera kumatenga nthawi yomwe akanakhala akumvetsera kuthambo. Chigamulo chathu: sensor correction ikhala yozima mpaka titapeza sensa ya pansi ya 1 Hz kapena yotsika kuposa apo.

Tatengeranso ku LIGO kagawidwe ka RMS m'magulu, kolembedwa mphindi iliyonse: 0.03 mpaka 0.1 Hz kwa zivomezi zakutali ndi mphepo, 0.1 mpaka 0.3 Hz kwa nyanja ya mchere, 0.3 mpaka 1 Hz, 1 mpaka 3 Hz ndi 3 mpaka 10 Hz kwa magalimoto ndi anthu, 10 mpaka 30 Hz kwa makina. Magulu awiri oyambawo kwa ife ndi phokoso la sensa basi, koma tikuwalembabe kuti atichenjeze za kupendekeka. Gulu la 0.3 mpaka 1 Hz tikuliyang'anitsitsa pa chifukwa cha kwathu kuno. Mafunde a nyanja zapamtunda amagwedeza nthaka pa frikwensi yokwera kuposa ya nyanja ya mchere, ndipo Nyanja ya Malawi ili kunsi kwa phompho kuno ku Mtakataka. Ngati mwera ukukweza gululi, chotupa chathu cha 0.4 Hz chakhala pamalo oipa. Tikufananitsa masiku a mwera ndi a bata, koma kusiyanitsa mafunde a nyanja ndi mphepo yokankha khoma kukufuna sensa yachiwiri kutali ndi nyumba.

Watchdog

Tili m'mphepete mwa chigwa cha Rift. Mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika kupitirira makilomita 100, ukudutsa m'munsi mwa mapiri a Ntcheu ndi Dedza, ndipo akuluakulu akukumbukira chivomezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989. Amplifaya yathu ili ndi gain ya 1,000 ndi malire a 5 V, kutanthauza 5 mV kuchokera ku geophone, kapena liwiro la 0.17 mm pa sekondi. Chivomezi chapafupi chomwe munthu wogona sangachimve n'komwe chikhoza kuidzaza. Amplifaya ikadzaza, lupu imalandira uthenga wodulidwa mutu, fyuluta yobwezera imausandutsa kukankha kwakukulu kwa pang'onopang'ono, ndipo tebulo limakamenya zotchinga.

Watchdog, mlonda woteteza tebulo zinthu zikalakwika, ikuyang'ana zinthu zitatu: geophone kupitirira 90 peresenti ya malire, sensa ya mthunzi kupitirira 0.25 mm, kapena koyilo kukhala pa malire kwa nthawi yoposa theka la sekondi. Chimodzi chikachitika, lupu yaikulu imatsitsidwa m'masekondi awiri, n'kusiya damping ya sensa ya mthunzi yokha. Kudula mwadzidzidzi kunaonetsa vuto: koyilo imakhala itagwira tebulo pambali pang'ono, ndipo ikasiya kamodzin'kamodzi pendulamu imazendewera kwa mphindi zingapo. Poyatsanso, zokumbukira za mafyuluta zifufutidwe kaye, kenako gain ikwere pang'onopang'ono m'masekondi 10. Taiyesa pothira uthenga wabodza mu ADC komanso pogwetsa thumba la mchenga pa konkire, ndipo njira zitatu zonse zikugwira. Za zivomezi zakutali, zomwe mafunde ake a masekondi 10 mpaka 30 amayenda pafupifupi makilomita 3.5 pa sekondi, ku LIGO amalandira chenjezo la Seismon mafunde asanafike n'kusintha makonzedwe a matebulo. Ma geophone athu mafunde amenewo sawamva.

Zotsala

Kubwereka seismometer ya 1 Hz kapena broadband kwa milungu ingapo, kubwereza mayeso a masensa pamodzi ili pakati, n'kutsimikiza mizere ya 0.15 ndi 0.4 Hz ija. Kukumba dzenje la theka la mita kunja, mamita 20 kuchokera kukhoma, la sensa yofananitsira mphepo ndi nyanja. Kusintha amplifaya yoyamba ndi ya phokoso lochepa pansi pa 1 Hz, kenako kuyesanso blend ya 0.3 Hz. Pendulamu yachiwiri, ya kilogalamu imodzi pa masentimita 30, yadulidwa kale koma ipachikidwa pansi pa tebulo zimenezi zikatha, chifukwa pa 10 Hz iyenera kuchepetsanso ka 120 ndipo pamenepo geophone ya 4.5 Hz siingathenso kukhala mboni. Padzafunika sensa ya kuwala.